Ofufuza za utolankhani adzatsika liti ku Chigwa?

Nkhani zikuluzikulu za pa MBC zikamawerengedwa, agogo anga ku Ngabu ankangopitiriza kusenda nandolo. Koma ikangoyamba Nkhani za m'maboma, ankatiuza tonse kuti titseke pakamwa. Ine ndinkaiona ngati pulogalamu ya miseche basi: mfiti yagwa ndi lichero, mfumu yagwidwa ndi mkazi wa mwini, bwana wakana kulipira waganyu. Sabata ino ndamaliza kuwerenga Human Rights and African Airwaves, buku la Harri Englund la mu 2011, ndipo ndachita manyazi. Munthu wa ku Finland, mphunzitsi wa ku Cambridge, anaona zimene agogo ankaona, ine mdzukulu ndikungoseka.

Kuti mumvetse chimene bukuli linasintha, tiyambe ndi kumene kafukufuku wa utolankhani kwathu kuno wachokera. Nthawi ya Kamuzu wayilesi inali imodzi, kanema kunalibe mpaka 1999, Daily Times ndi Malawi News zinali m'manja mwa olamulira, ndipo lamulo la 1968 linapatsa bungwe lounika mabuku mphamvu yoletsa chilichonse. Olemba za nthawi imeneyo funso lawo linali limodzi: akutseka anthu pakamwa ndani?

Kalata ya maepiskopi ya 1992 ndi riferendamu ya 1993 zitadutsa, nyuzipepala zinamera ngati bowa, zambiri n'kufota msanga. Steve ndi Moira Chimombo anasonkhanitsa phokoso la masiku amenewo m'buku lawo la 1996, The Culture of Democracy. Funso linasintha: nanga mwini nyuzipepalayi ndani, ndipo ali chipani chiti? Linali funso loyenera, poti ngakhale The Nation inayambitsidwa mu 1993 ndi Aleke Banda, wandale wodziwika. Kenako utolankhani unalowa m'kalasi ku Polytechnic ndi ku Malawi Institute of Journalism, ndipo Amalawi monga Levi Zeleza Manda ndi Linje Manyozo anayamba kulemba za ntchitoyi, Manyozo akuyang'ana kwambiri wayilesi ndi chitukuko cha kumudzi.

Englund anatembenuza mpando. M'malo moyang'ana nduna ndi eni makampani, anakhala ndi akonzi a pulogalamu ija, nawerenga makalata amene anthu amatumiza, nakachezanso ndi omvera. Anapeza kuti nkhani zimene ife timati ndi zachabechabe ndi bwalo la milandu la anthu osauka. Mmenemo amadzudzula mfumu yadyera, m'busa wachinyengo, wolemera woiwala abale ake. Satchula mawu a mabungwe akuti ufulu wachibadwidwe, koma akunena za chilungamo, ndiponso za udindo umene wamkulu ali nawo kwa wamng'ono. Chodabwitsa n'chakuti zonsezi zinkachitika pa wayilesi ya boma, yomwe ofufuza ambiri anali ataiweruza kale kuti ndi lipenga la chipani cholamula. Apa ndikumuvulira chipewa.

Komabe ndili ndi dandaulo, ndipo si la Englund yekha. Choyamba, kafukufukuyu ndi wa nkhani za m'Chichewa, koma walembedwa m'Chingerezi cha kuyunivesite, m'buku losindikizidwa ku America. Agogo akanakhala moyo sakanadziwa n'komwe kuti wina anawaikira kumbuyo. Chachiwiri, "womvera wamba" ameneyu amalankhula Chichewa. Nanga mayi wa ku Marka kapena ku Makhanga amene amalota m'Chisena? Chisena chinalowa pa nkhani za MBC m'zaka za Bakili Muluzi, patapita zaka zoposa 25 Chichewa chitasankhidwa mu 1968 kukhala chinenero cha dziko. Lero ku Nsanje kuli wayilesi za m'dera monga Gaka FM. Chimasintha n'chiyani munthu akamva nkhani ya m'mudzi mwake m'chinenero chake? Funso limenelo ndi digiri yonse.

Chachitatu ndiye chimandipweteka. Tayesani kukumbukira nthawi imene Chikwawa kapena Nsanje anali pa tsamba loyamba. Madzi osefukira a Januwale 2015. Namondwe wa Idai mu 2019. Ana mu 2022, pomwe Kapichira anaonongeka, dziko n'kukhala mu mdima. Freddy mu 2023. Chithunzi chimakhala chomwechija: mayi ali ndi mtolo pamutu, madzi m'chiuno. Kenako pamabwera chiganizo chomwe tonse tachiloweza, chakuti anthu a ku Chigwa amakana kusamukira kumtunda chifukwa anazolowera zolandira.

Abale, yankho la chiganizo chimenechi linalembedwa kalekale. Elias Mandala, katswiri wa mbiri yakale, anaonetsa m'buku lake la 1990, Work and Control in a Peasant Economy, kuti ulimi wa m'chigwa chino unkayenda ndi miyendo iwiri: munda wa kumphala wodalira mvula, ndi dimba lodalira chinyontho ndi nthaka imene Shire amasiya akaphwa. Munthu wokana kuchoka pafupi ndi mtsinje nthawi zambiri akukana kusiya chimanga ndi mbatata za m'chilimwe. Buku la mbiri lili pa shelefu ina, la utolankhani pa shelefu ina, ndipo mtolankhani wochokera ku Blantyre amatsika phiri la Thabwa m'mawa, madzulo wabwerera, osatsegula lililonse.

Ndiye ngati muli ku MUBAS kapena ku Zomba ndipo mukusaka mutu wa kafukufuku, nawu waulere. Tengani nyuzipepala za kuyambira 2015, muwerenge kuti pa nkhani za ku Chigwa ndi zingati zomwe si za madzi, njala kapena ng'ona, ndipo ndani amene amapatsidwa mpata wolankhulamo. Mukatero kwerani minibasi, mukakhale sabata ku Bangula, mumvere zimene anthu amaimbira foni pa wayilesi ndi zimene amatumizirana pa WhatsApp madzi akayamba kukwera. Pomaliza, mulembe chidule chake m'Chisena ndi m'Chimang'anja, mukachiwerenge pa wayilesi yomweyo, eni nkhani akuuzeni pomwe mwalakwitsa.