Chibale cha pa Chikalata

Mwezi wa Disembala ukafika, ife a kuno ku Chintheche sitichita kuyang'ana pa kalendala. Timadziŵira magalimoto a manambala a ku South Africa amene amadzaza mseu wa M5, kuyambira ku Tukombo, kudzera pa Kande, mpaka kukaoloka mtsinje wa Luweya, atasenza matilesi, mafiriji ndi zikwama zotupa. Ana athu a ku Joni abwera. Izi tidazizoloŵera kalekale. Koma pa zaka zapitazi, madzulo kondowole atadyedwa ndipo alendo atabalalika, m'nyumba zina mwayamba kumveka mau amene makolo athu akale sadaŵamvepo: "Ama, ine tsopano ndine nzika ya maiko aŵiri. Ndifuna ndikutengeni mukakhale nane." Mau okoma ndithu, ochokera mumtima wa mwana wosaiŵala bere limene adayamwa. Komabe tiyenera kuŵasinkhasinkha, pakuti m'kati mwake muli zambiri zimene wonenayo ndi womvayo sadaziganizire.

Ulendo si chinthu chachilendo kwa anthu a m'mphepete mwa nyanja ino. Chiyambire 1881, pamene amishoni a Livingstonia adasamukira ku Bandawe ndi kutsekula sukulu, anyamata odziŵa kulemba ndi kuŵerenga adayamba kuloŵera kummwera. Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira, adakayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo adamwalirira ku East London mu 1951. Katswiri wina, Jaap van Velsen, amene adakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950, adapeza kuti amuna oposa theka sankakhala pamudzi. Koma adaonanso chinthu china: opitawo ankasiya akazi, ana ndi makolo pamudzi, namatumiza ndalama, chifukwa ankadziŵa kuti ku Halale kapena ku Joni adzaŵafuna pokhapokha ali ndi mphamvu. Amene sadabwerere tidaŵatcha matchona. Ulendo wa masiku amenewo udali wa mwamuna yekha, ndipo mudzi udali kumudikira. Ulendo umene ukunenedwa leroŵu ndi wonyamula mudziwo pang'onopang'ono, kuyambira ndi nkhalamba zake.

Chidatsekula nkhaniyi ndi lamulo. Lamulo la unzika la 1966 silinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya Malaŵi ndi ya dziko lina nthaŵi imodzi. Wotenga pasipoti ya eni ake ankataya ya kwawo, ndipo pobwera kumaliro a bambo wake ankaloŵa ngati mlendo. Mu Disembala 2018 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulolo, nilola unzika wa maiko aŵiri. Tidakondwera, ndipo kudali koyenera kukondwera.

Koma apa pali kusamvetsa kumene kwafala m'midzi mwathu. Ambiri akuyesa kuti mwana akakhala nzika ya maiko aŵiri, ndiye kuti khomo latsekukira mtundu wonse. Iyai. Lamulo la ku Lilongwe limangoteteza unzika wa mwanayo kuno kwathu. Woti aloŵe ndani ku Johannesburg, ku London kapena ku Texas, amagamula ndi eni dzikolo, ndipo iwo ali ndi kaŵerengedwe kawokawo ka chibale.

Tiyambe ndi South Africa, kumene kuli ana athu ambiri. Lamulo lawo la oloŵa m'dziko la 2002 limaŵerenga chibale ngati makwerero. Pa khwerero loyamba pali kholo ndi mwana, ndipo aŵa okha ndiwo angapemphe chilolezo chokhala mpaka kalekale chifukwa cha mbale wawo amene ali nzika kapena wokhazikika kumeneko. Mchimwene ndi mlongo ali pa khwerero lachiŵiri. Iwoŵa angapatsidwe chilolezo cha kanthaŵi, cha zaka ziŵiri, ndipo sichiŵalola kugwira ntchito. Woitanayo ayenera kuonetsa kuti ali ndi ndalama zoŵasungira mwezi ndi mwezi. Taganizani mnyamata wa zaka 28, wodziŵa kupalasa bwato ndi kukoka chilimira, atakhala m'nyumba ya mlongo wake manja ali lende, akudya za mlamu. Kodi ndi angati angapirire osayamba maganyu mobisala, ndi kusanduka wothaŵathaŵa apolisi?

Ku United States lamulo limalola nzika ya zaka 21 kapena kuposerapo kuitana bambo ndi mai wake, ndipo makolo alibe malire a chiŵerengero. Abale obadwa nawo ali ndi mzere wawo, wa malo 65,000 pa chaka a dziko lonse lapansi, ndipo mu 2025 amene ankaitanidwa ndi amene adapempha cha m'ma 2008. Mtsikana amene mlongo wake amulembera lero ali pa sukulu ya sekondale adzaitanidwa ali ndi ana akeake a ku sekondale. Woitanayo amasainanso lonjezo lakuti adzasunga mbale wakeyo ndi ndalama zake, lonjezo limene boma lingamutengere ku khoti akaliphwanya. Ndipo khomo limeneli limatha kutsekeka usiku umodzi: mu Ogasiti 2025 Amalaŵi ofuna viza yongocheza adayamba kufunsidwa chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000, ndipo mu Disembala chaka chomwecho dziko lathu lidaikidwa pa mndandanda wa maiko amene nzika zake zidaletsedwa maviza ambiri. Za ku Britain n'zachidule. Chiyambire 2012, kholo limaloledwa pokhapokha litafooka kwakuti silingathe kudzisamala, ndiponso pataoneka kuti kwawo kulibe chisamaliro choterocho.

Chimene chikutivuta pa malamulo onseŵa si kuuma kwake kokha. Dziko lililonse lili ndi ufulu wolondera malire ake, ndipo Mpingo sudakanepo zimenezo. Chotivuta n'chakuti munthu amene malamuloŵa amamutcha kholo si yekhayo amene ife timamutcha kholo. M'zaka za m'ma 1990, pamene matenda a Edzi adalikha achinyamata a m'boma lino, ndani adalera ana amasiye? Adali agogo, amai aang'ono, azakhali ndi atsibweni. Ana amenewo ndiwo lero ali anamwino ku Manchester ndi oyendetsa magalimoto akuluakulu ku Durban. Mai amene adagulitsa usipa pa Chintheche kuti alipire fizi, amene adagona pansi m'chipatala mwanayo atadwala malungo, pa chikalata ndi mlongo chabe wa malemu mai, munthu wa pa khwerero lachitatu, wopanda mzere uliwonse woimapo. Ndipo bambo amene adathaŵa mwana ali m'mimba, ngati dzina lake lidalembedwa, ali pa khwerero loyamba. Lamulo loŵerenga motere limadziŵa kubala, silidziŵa kulera.

Mpingo udalankhulapo kale pa za mabanja a anthu a paulendo. Papa Pio wa 12 mu 1952 adaika Banja Loyera lothaŵira ku Ejipito kukhala chitsanzo ndi mtetezi wa onse ochoka kwawo. Mu 1983, nthaŵi ya Papa Yohane Paulo wachiŵiri, Likulu la Mpingo lidatulutsa chikalata cha maufulu a banja, chimene chimati ogwira ntchito kunja ali ndi ufulu woona banja lawo litalumikizananso msanga. Tikadakonda kuti abusa athu, pokumana ndi anzawo a kummwera kuno kwa Africa, azikumbutsa opanga malamulo kuti liwu lakuti banja ndi lotambalala kuno kuposa m'maiko amene malamulowo adakopedwa.

Tsono poti khomo ndi lopapatiza, yesero limabwera, ndipo limafika mpaka pa khonde la parishi. Makolo athu ambiri alibe zikalata za kubadwa. Kalembera wokakamiza wa ana obadwa adayamba mu 2015, ndipo ziphaso za unzika zidafika m'midzi mu 2017. Motero maofesi ena akunja amalandira umboni wa m'buku la ubatizo. Apa ndi pamene wina amayamba kuganiza kuti: bwanji dzina la mai wamng'ono litalembedwa pa malo a mai wondibala? Bwanji msuweni atasanduka mchimwene? Kodi si momwe timaitanirana kale? Tikumvetsa kumene maganizoŵa akuchokera, ndipo sitikuŵaseka. Koma buku la ubatizo limakhulupirika chifukwa chakuti ansembe ndi akatekisiti a mibadwo yapita adalemba zoona, ena ndi nyali ya koloboyi. Tsamba limodzi likapezeka lokonzedwa, umboni wa Akhristu onse a m'parishiyo wagwa. Ndiponso masiku ano akakaika amapempha kuyeza magazi, ndipo bodza likaululika wopemphayo angatsekeredwe khomo moyo wake wonse, woitanayo naye n'kuloŵa m'mavuto. Msampha wotchera mbeŵa wagwira mwini munda.

Tatsutsa malamulo a eni ake, tidziyang'anenso tokha. Kodi nkhalambazo timazifunsa? Kaŵirikaŵiri nkhani imatha pa lamya pakati pa ana, ndipo mai amangouzidwa tsiku lokajambulitsa chithunzi cha pasipoti. Ndipo tinene mosabisa: ena amene akuitana mai sakuitana kholo loti lipumule, akufuna mlezi wosalipidwa, pakuti kulera ana m'mizinda imeneyo kumadya ndalama zambiri. Mai amene kuno adali mkulu wa mphakati, amene akazi ankamufunsa nzeru pa chinamwali ndi pa maliro, amene mmaŵa uliwonse ankatsikira kunyanja kukaona ngati mwera waleka, amakatsekeredwa m'nyumba yosanja, wosadziŵa chinenero, adzukulu akumuyankha m'Chingerezi, Misa akuimva ngati phokoso la mvula padenga. Alipo ena amene amakapeza mankhwala a shuga ndi a mtima amene kuno akadaŵasoŵa, nakhala zaka zina khumi akusangalala ndi adzukulu. Zimenezo n'zoona, ndipo sitingauze mwana kuti asiye kholo lake lifere kutali ndi dokotala. Koma kusiyana kwa aŵiriŵa kumayambira pa funso limodzi, ngati mwini wakeyo adafunsidwa nayankha momasuka, kopanda kuopa kukhumudwitsa mwana amene amatumiza ndalama.

Nkhani yakale kwambiri ya mwana woitana kholo ndi abale ili m'buku la Genesis. Yosefe adali ngati nzika ya maiko aŵiri: Mhebri pobadwa, nduna ya Farao pa udindo, wa dzina la Chiejipito ndi mkazi wa komweko. Njala itakula adatumiza ngolo kukatenga bambo wake Yakobe, abale ake, akazi awo ndi ana awo, anthu ngati 70, ndipo adaŵalangiza zokayankha Farao akaŵafunsa za ntchito yawo, monga momwe ana athu amatilangizira tisanakaonekere ku ofesi ya kazembe. Farao sadaŵerenge makwerero. Komabe taonani nkhalambayo. Idakhala ku Ejipito zaka 17, yosasoŵa kanthu, ndipo itaona kuti masiku atha idaitana Yosefe ndi kumulumbiritsa kuti asadzaiike m'manda a kumeneko, koma akaigoneke kwa makolo ake ku Kanani. Tidziŵanso zimene zidaonekera zidzukulu zake atabwera mfumu ina yosamudziŵa Yosefe.

Mfumu yosamudziŵa Yosefe ife tidaiona ndi maso. Ana ndi adzukulu a matchona athu ku Zimbabwe, obadwira m'mafamu ndi m'migodi, amene ambiri sadapondepo pa mchenga wa ku Bandawe, adadzuka mu 2001 n'kumva kuti lamulo lasintha: aliyense woganiziridwa kuti ali ndi unzika wina aukane mwa lamulo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Ambiri adasanduka alendo m'dziko lobadwira, osaloledwa kuvota, mpaka malamulo aakulu a 2013 adabwezera unzika kwa obadwira kumeneko amene kholo lawo lidachokera m'maiko a SADC. Chilolezo chotchedwa champaka kalekale chimakhala kalekale malinga ngati nyumba ya malamulo ya eni ake siidasinthe maganizo.

Patsala munthu mmodzi amene pa zokambirana zonsezi satchulidwa, ndiye wotsala. M'banja lililonse mumakhala mwana amene sadapite: mlongo amene adakwatiwa pafupi, kapena mchimwene amene sukulu idamukanika. Ndiye amene wakhala akutungira mai madzi, kuvuula chinangwa, kulambula kumanda, kuimira banja pa milandu ya malire a munda kwa anyakwaŵa. Ndalama zochokera kunja zinkabwera m'dzina la mai, ndipo iye ankadyako. Mai akanyamuka, ndalamazo zimaleka, chifukwa amene ankatumiziridwa ali kale kumeneko. Wotsalayo amakhala ndi nyumba yoti aisamale, manda oti aŵalondere, ndi lonjezo lakuti naye adzamulembera, lonjezo la mzere wa zaka zoposa 15 kapena la chilolezo chosalola ntchito. Madandaulo ambiri amene amafika kwa ankhoswe ndi kwa akuluakulu a mpingo amayambira apa, ngakhale amatuluka ndi dzina lina, la ufiti kapena la kaduka. Ndipo pa gombe ngati lathuli, pamene malo a m'mphepete mwa nyanja akusakidwa ndi omanga malo ogona alendo, munda umene mwini wake ali ku Pretoria suchedwa kupeza wina wounena kuti ndi wake.

Tsiku lina lamya idzalira usiku. Ana a kunja adzasonkhana, mabungwe a maliro a Amalaŵi a ku Joni adzayendetsa mbale ya chipepeso, ndipo bokosi lidzayenda masiku angapo m'ngolo yokokedwa ndi galimoto, kudzera pa Beitbridge, pa Nyamapanda ndi pa mlatho wa ku Tete, kubwerera pa mseu womwe uja wa M5. Wokumba manda, wophika nsima ya anamalira ndi wolozera pamene agona agogo adzakhala yemwe uja wa pa khwerero lachiŵiri.