Chitseko cha Adela chikhale chotseka

Ndatopa nazo nkhani zoopsa zimene zimapepesa kumapeto. Mwaziwerengapo, ndipo mwazioneranso m'mafilimu a ku Nigeria aja: munthu wazunzika ndi chinthu chosaoneka kuyambira pachiyambi, kenaka kutatsala mphindi zisanu abusa afika, apemphera, mfiti yagwa chagada n'kuyamba kuulula kuti ndine azakhali ake, ndinkamuchitira nsanje. Kapena, choipitsitsa, mnyamata uja wadzidzimuka, anali maloto chabe. Wowerenga amatseka buku mtima uli m'malo n'kukagona tulo tofa nato. Ndiye wolembayo wagwira ntchito yanji? Ife tinabwera kudzachita mantha, iye watipatsa ulaliki.

Amene akufuna kuona mmene ntchitoyi imagwiridwira afunefune buku la Mariana Enriquez, mayi wa ku Argentina wobadwa mu 1973. Linatuluka m'Chisipanishi mu 2016, ndipo Megan McDowell analimasulira m'Chingerezi mu 2017 ndi mutu wakuti Things We Lost in the Fire. Muli nkhani zazifupi 12. Olemba ndemanga ambiri amalitamanda chifukwa limakamba za umphawi, za nkhanza za apolisi, za amuna otentha akazi awo ndi moto. Sakunama, zonsezi zilimodi. Koma mutu waukulu supanga nkhani yabwino, ndipo mabuku ogonetsa tulo okamba za umphawi alipo ambirimbiri. Luso la mayiyu lagona poti amadziwa pamene ayenera kutseka pakamwa.

Tatengani nkhani ya nyumba ya Adela. Ana atatu, Clara, mchimwene wake Pablo ndi mnzawo Adela, amakhala ku Lanús, kunja kwa mzinda wa Buenos Aires. Adela ali ndi mkono umodzi. Makolo amati anabadwa choncho, iye amauza anzake kuti unadulidwa ndi galu, ndipo wolembayo sataya nthawi kutiweruzira. M'dera lawolo muli nyumba yosiyidwa, mawindo ake otsekedwa ndi njerwa, ndipo ukayandikira umamva ikulira chapansipansi ngati muli kachilombo. Usiku wina anawo alowa. Mkati mukuwala, chipinda n'chachikulu kuposa mmene nyumbayo imaonekera kunja, ndipo pamashelefu pandandalikidwa bwinobwino zikhadabo za anthu ndi mano. Adela atsegula chitseko china, awabayibitsa anzake ndi dzanja lake limodzi lija, alowa, chitseko chitsekeka. Basi. Apolisi atabwera sanapeze zipinda, sanapeze zitseko, sanapeze mashelefu. Nyumbayo inali chigoba chabe. Adela sanaonekenso, ndipo patapita zaka Pablo anadzipha.

Ndani anasonkhanitsa manowo? Adela anapita kuti? Anakokedwa kapena anafuna yekha? Palibe yankho, ndipo ine ndimaombera m'manja pomwepo. Mantha amakhala ndi moyo pamene funso lili lotseguka. Mukangotchula dzina la chinthucho, kaya mzukwa, kaya chiwanda, kaya mfiti ya m'banja, mwachiika m'khola, ndipo wowerenga akudziwa kale mankhwala ake. Chopanda dzina chilibe mankhwala. Chimatuluka naye m'buku, n'kukamudikirira pa chitseko cha kuchipinda kwake magetsi akazima.

Wina anganene kuti imeneyi ndi njira ya alesi, kuti aliyense amene nkhani yamukanika kumaliza angathe kungoisiya panjira n'kumati n'zakuya. Alesi otero alipodi, ndipo amandikwiyitsa chimodzimodzi ndi alaliki aja. Kusiyana kwake n'koti Enriquez amabisa chinthu chimodzi chokha, zina zonse amazionetsa poyera. Timadziwa dera, timadziwa kuti Clara sankaloledwa kuonera mafilimu oopsa ndiye ankangomva anzake awiriwo akumusimbira, timaona mmene Adela ankasangalalira anthu akamanyansidwa ndi chitsa cha mkono wake. Wofotokozayo amalankhula modekha, ngati munthu amene wasimba nkhaniyi kwa apolisi ndi kwa makolo mpaka kutopa nayo. Chifukwa chakuti zonse zozungulira ndi zolimba komanso zooneka, dzenje la pakatilo limaonekadi kuti ndi dzenje. Wolemba amene sanamange khoma sangatiopseze ndi chitseko.

Apa m'pamenenso ndale zimalowera, osati ngati phunziro loikidwa pamwamba, koma m'kapangidwe ka nkhani momwemo. Kuyambira 1976 mpaka 1983 dziko la Argentina linkalamulidwa ndi asilikali, ndipo anthu ankangotengedwa osaonekanso. Mabungwe omenyera ufulu wa anthu kumeneko amati anasowa ndi 30,000. Enriquez anali kamtsikana nthawi imeneyo. Anakulira pakati pa mabanja opanda manda oti akalirepo, opanda wowauza chimene chinachitika. Tsono nkhani imene mwana amalowa pachitseko osabwerera, akuluakulu n'kumati palibe chimene chinalipo, sikuti yasowa mathero. Ikunena zoona za mmene kusowa kumakhalira. Kwathu kuno, amene anaona nthawi ya chipani chimodzi, pamene mu 1983 nduna zitatu ndi phungu mmodzi anaphedwa ku Mwanza boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto, safunika kuwafotokozera zimenezi kawiri.

Nkhani ina m'bukuli, ya ku hotela ya ku Sanagasta, imachita zomwezo mwa njira yonyenga kwambiri. Imayamba ngati nthabwala. Bambo ake a Rocío achotsedwa ntchito pahotelapo chifukwa chouza alendo kuti nyumbayo inali sukulu ya apolisi m'nthawi ya asilikali, ndiye Rocío ndi mnzake Florencia azembera usiku kukabisa masoseji m'matilesi kuti awolere momwemo, hotela inunkhe. Ali mkati mochita zachibwanazo, amva galimoto, nyali ziwala, amuna akuthamanga, akumenya mawindo, akukuwa. Akuluakulu atafika, kunja kuli zii, palibe wina wamvapo kanthu. Wolemba wamba akanabweretsa nkhalamba yodziwa zonse kudzatifotokozera amene anafera pamenepo. Enriquez satero, ndipo tsemwe limakugwira chifukwa wazindikira wekha.

Sikuti nkhani zonse m'bukuli zimafika pamenepa. Ya mtsinje wa Riachuelo imayamba mwamphamvu, pakuti yatsamira pa zimene zinachitikadi mu 2002, pamene apolisi anakakamiza anyamata kulumphira m'madzi oipawo mmodzi n'kumira. Koma kumapeto imakabwereka milungu yam'madzi ya m'nkhani za wolemba H. P. Lovecraft, ndipo phokoso likachuluka mantha anga amachepa. Apolisi aja anali okwanira kale. Za olemba amene amaganiza kuti magazi ambiri ndiwo mantha ambiri sinditayapo mpweya. Amenewo ndi ogulitsa nyama, osati olemba nkhani.

Chimene chimandiwawa koposa n'chakuti Enriquez mwiniyo anadzabwerera ku chitseko chija. M'buku lake lalitali la mu 2019, limene m'Chingerezi limatchedwa Our Share of Night, Adela akupezekanso, nyumba ija ikupezekanso, koma tsopano zonse zalumikizidwa ku gulu lachinsinsi la anthu olemera opembedza mdima. Bukulo linalandira mphoto ya Herralde, ndipo lili ndi mphamvu zake. Komabe mutadziwa amene ali kuseri kwa nyumbayo, mano a pashelefu aja amasanduka umboni wa pamlandu. M'nkhani yaifupi ija anali oopsa kuposa pamenepo.

Ndiye inu amene mukulemba nkhani zoopsa, kaya za m'nyuzi, za pa wailesi kapena za mpikisano, mukafika pandime yomaliza dzanja likamakuyabwani kuti mufotokoze, ikani cholembera pansi. Tiuzeni dzina la msewu, mtundu wa chitenje, fungo la m'chipindamo, nthawi imene galu anasiya kuuwa. Zimenezo musatimane ngakhale chimodzi. Koma abusa asiyeni kunyumba kwawo, mfiti isaulule, ndipo mnyamatayo asadzuke.