Mboni ya Zaka 16 M'buku la Angie Thomas

M'buku la Angie Thomas lotchedwa The Hate U Give, mnyamata amene nkhani yonse yatsamira pa iye amafa mutu wachiwiri usanathe n'komwe, chonsecho bukulo lili ndi masamba opitirira 400. Khalil Harris timamuona wamoyo kanthawi kochepa: kuphwando la achinyamata kumene kwabuka ndewu mpaka mfuti kulira, kenako m'galimoto mwake akuthawitsa Starr Carter, mnzake wa kuubwana. Wapolisi wachizungu akuwaimitsa, ati nyali yakumbuyo yafa. Akumutulutsa Khalil, akumusecha, osapeza kanthu. Wapolisiyo atangopotoloka, Khalil akutsegula chitseko kuti afunse Starr ngati ali bwinobwino, ndipo zipolopolo zitatu zikumupeza kumsana. Alembi ambiri akanaisunga imfa yotereyi mpaka pampondachimera. Thomas anaiika koyambirira kwenikweni, ndipo luso lonse la bukuli likuchokera pa chisankho chimenechi.

Poti wakuphayo tamuona ndi maso athu, palibe chinsinsi choti tizisakasaka. Nambala ya pachifuwa pake, 115, Starr waiwerenga n'kuisunga pamtima, moti amamutchula ndi nambalayo m'malo mwa dzina. Funso limene limatigwira mpaka kumapeto ndi lina: kodi mtsikana wa zaka 16, amene ndi mboni yekhayo, atsegula pakamwa? Akayankhula, apolisi ali naye, ndipo King, mkulu wa gulu la zigawenga la King Lords, salola kuti zam'dera zimveke kunja. Akakhala chete, wailesi zakanema zipitiriza kumujambula Khalil ngati wogulitsa mankhwala ozunguza bongo amene imfa inamuyenera. Nkhani yonse yamangidwa pa mantha a mwana mmodzi, ndipo mantha amenewo akukwanira kuinyamula.

Thomas anabadwira ku Jackson, m'chigawo cha Mississippi, mu 1988. Nkhaniyi anaiyamba ngati nthano yaifupi ali pa yunivesite ya Belhaven, atakhudzidwa ndi imfa ya Oscar Grant, mnyamata wakuda wa zaka 22 amene wapolisi anamuwombera atagona chafufumimba pa siteshoni ya sitima ya Fruitvale ku Oakland pa 1 Januwale 2009. Mlembiyo ankachokera m'dera la anthu akuda n'kumaphunzira pakati pa azungu ambiri, kotero moyo wapawiri umene anamupatsa Starr sanachite kuufunsira kwa ena. Bukuli linatuluka mu Febuluwale 2017, zionetsero za Black Lives Matter zitagwedeza kale America, ndipo linangofikira pamwamba pa mndandanda wa New York Times wa mabuku a achinyamata ogulidwa kwambiri.

Starr amakhala ku Garden Heights, dera lopeka la akuda osauka, koma amaphunzira ku Williamson, sukulu yolipira ya ana a azungu olemera. Makolo ake anamusamutsira kumeneko mnzake Natasha ataphedwa ndi chipolopolo cha zigawenga akusewera pamsewu, onse ali ndi zaka 10. Akangolowa pageti la sukuluyo, Starr amasintha kayankhulidwe. Mawu a kwawo amawasiya m'galimoto. Sakweza mawu, sakwiya pagulu, kuopa kuti angamutche mtsikana wakuda waukali. Akabwerera ku Garden Heights, nako amamuona ngati wodzimva, mwana wa golosale ya Big Mav amene sadziwa kucheza. Amene anaphunzira pa sukulu zimene kuyankhula Chichewa kunali mlandu wolandira nawo chilango, madzulo n'kubwerera kumudzi kumene Chingerezi chomwecho chimakusandutsa wamatama, sadzafuna womumasulira ndime zimenezi. Tisadzinamize kuti nkhaniyi ndi yathu. Ya Starr ndi ya khungu ndi mfuti za ku America. Koma kutopa kwa mwana wosintha lilime kawiri pa tsiku tikukudziwa.

Mfotokozankhani ndi Starr yemweyo, ndipo akufotokoza m'nthawi yatsopano, zinthu zikuchitika pompano. Sitikumva mayi wamkulu amene akukumbukira za utsikana wake atazisinkhasinkha kale n'kuzipezera tanthauzo. Tikumva mwana amene sakudziwa zamawa. Akalakwitsa, palibe wamkulu woti atitonthoze kuti pambuyo pake zinakhala bwino.

Taonani zimene zikuchitika atabwerera kusukulu. Anzake awiri, Hailey ndi Maya, amva pa nkhani za mnyamata wophedwa, ndipo akumufunsa ngati ndi Khalil uja ankabwera ku maphwando ake okumbukira tsiku lobadwa. Starr akukana, monga Petro pabwalo la mkulu wa ansembe. Wakana mnzake amene magazi ake anamuthimbirira m'zovala masiku ochepa apitawo, chifukwa sakufuna kuti ku Williamson amudziwe ngati mnzake wa wogulitsa mankhwala. Thomas sanamuteteze pamenepa, sanatilalikire. Wangotisiya ndi manyazi a mwanayo, amene akumudya kwa mitu ingapo. Chimodzimodzi pamene chibwenzi chake, Chris, mnyamata wachizungu, akumugwira dzanja: thupi la Starr likunjenjemera lokha, chifukwa dzanja loyeralo lamukumbutsa dzanja linagwira mfuti lija. Chris sanalakwe kanthu, Starr akudziwa kuti sanalakwe, koma thupi silikumva zimenezo. Ndime ziwirizi zikuphunzitsa za tsankho kuposa masamba onse amene ampangankhani akukambirana za tsankholo.

Pali kachinthu kena kakang'ono kamene wowerenga wothamanga amakadumpha. M'galimoto muja, wapolisi asanawaimitse, Khalil akupesa tsitsi ndi bulashi n'kuiponya m'kathumba ka chitseko. Palibe amene amaisamala. Patapita masamba ambiri, tikumva kuti wapolisi akuti anaona mfuti pachitsekopo. Mfutiyo ndi bulashi ija. Mlembi watisandutsa mboni ifenso: tinaiona bulashiyo tokha, tikudziwa kuti ndi bulashi, ndipo tikamamva bambo a wapolisiyo akudandaulira mwana wawo pa kanema, mkwiyo umene tikumva ndi wa munthu amene analipo. Kupolisi nakonso, pofunsidwa mafunso, Starr akuzindikira kuti ofufuzawo akufunsa za Khalil, ngati ankagulitsa mankhwala, ngati anali ataledzera, osati za amene anawombera. Mayi ake, Lisa, namwino wosaopa munthu, ndiye akuwadzudzula.

Chimene sindinachiyembekezere m'buku la maliro ndi kuseka. Maverick, Big Mav uja, bambo a Starr, amene anali m'gulu la King Lords n'kukhala kundende zaka zitatu, ali ndi chiphunzitso chake choti nyumba za ophunzira m'mabuku a Harry Potter ndi magulu a zigawenga basi, poti aliyense ali ndi mtundu wake wa zovala ndipo saululana. Bambo yemweyo amalowezetsa ana ake mfundo khumi za chipani cha Black Panther, kenako n'kupita kukayankhula ndi maluwa ake kudimba. Starr amasamala nsapato zake za Jordan kuposa china chilichonse, ndipo ubwenzi wake ndi Chris unayambira pa sewero la pakanema la The Fresh Prince of Bel-Air. Ena amati zimenezi zimatalikitsa buku. Zimatalikitsadi. Koma popanda izo, Starr akanakhala chikwangwani cha pazionetsero, osati mwana. Timaopa kuti banjali lingapasuke chifukwa takhala nalo patebulo, tamva likunyozana ndi kusekana.

Malume ake a Starr, a Carlos, nawo anaikidwa mwanzeru. Ndi apolisi, amagwira ntchito limodzi ndi wakupha uja, komanso ndi amene anamulera Starr bambo ake ali kundende. Mwanayo sangathe kuda apolisi onse popanda kuda munthu amene anamuphunzitsa kukwera njinga. Mkangano wa a Carlos ndi Maverick, wosakanizika ndi nsanje ya amuna awiri olimbirana mwana mmodzi, ukuchititsa kuti mtsutso wa zandale umveke ngati mkangano wam'banja, ndipo umamveka bwino choncho.

Tsono pali pamene bukuli limatsimphina, ndipo sipobisika.

Ife tinakulira mabuku onga Nthondo ya Samuel Josiah Nthara, ya mu 1933, m'mene mwana wopulupudza amayenda njira yake yokhotakhota mawu a mkulu ali pambuyo pake kutiuza tanthauzo la phazi lililonse. Thomas anawachotsa mawu a mkuluwo, n'chifukwa chake achinyamata analikonda buku lake. Koma nthawi zina amawabwezeramo mozemba. Pali mutu umene Maverick ndi Starr ali m'galimoto, bambo akufunsa mwana mafunso mpaka atafotokoza yekha mmene umphawi, sukulu zosowa zipangizo, ulova, mankhwala ndi ndende zimalumikizirana. Apa ndi pamene akumasulira maganizo a woimba Tupac Shakur amene mutu wa bukuli unachokerako, akuti chidani chimene dziko limadyetsa ana chimadzabwerera aliyense. Mfundozo ndi zoona. Koma kukambiranako kukumveka ngati phunziro la m'kalasi, mphunzitsi akufunsa, wophunzira wanzeru akuyankha molondola. Zonse zimene Maverick akunena tinali titaziona kale pa agogo ake a Khalil, odwala khansa amene ntchito inawathera, ndi pa mayi ake ogwidwa ukapolo ndi mankhwala.

Cholakwa chachikulu, kwa ine, chili pa Khalil mwini. Kwa theka la buku, Starr akulimbana ndi funso lolemera: ngati Khalil ankagulitsadi mankhwala, ngati analidi m'gulu la King, kodi imfa yake yapepuka? Kumaliro, King akuika kansalu ka gulu lake pachifuwa pa mtembo, kusonyeza kuti wakufayo anali wawo, ndipo agogo aja akumugenda nako. Apa bukuli lili pachimake, chifukwa likutikakamiza kuvomera kuti ngakhale zonsezo zitakhala zoona, munthu wopanda chida sayenera kuwomberedwa kumsana. Kenako pakubwera DeVante, mnyamata wothawa m'gululo, n'kuulula kuti Khalil anakana kulowa gululo, ndipo mankhwala ankagulitsa pofuna kubweza ngongole ya mayi ake amene anamubera King. Mtima wa Starr ukukhala pansi, wa wowerenganso ukukhala pansi, ndipo vuto lili pomwepo. Mlembi wamuchapa Khalil kuti timulire mosavutika. Wowerenga amene ankaganiza kuti wogulitsa mankhwala imfa imamuyenera sanasunthidwe pa maganizo akewo. Wangouzidwa kuti uyu yekha anali ndi chifukwa chabwino. Ndikanakonda Khalil amene ankagulitsa chifukwa chofuna nsapato zatsopano, ndipo tikanamulirabe. Starr amanena yekha kuti zimenezo zilibe kanthu, koma tsatanetsatane wa nkhani akunena zina.

Ampangankhani ena ndi opyapyala. Hailey, ndi nthabwala zake za nkhuku yokazinga komanso kusiya kumutsatira Starr pa Tumblr ataikapo chithunzi cha Emmett Till, mnyamata wakuda wophedwa chifukwa cha tsankho, ndi chitsanzo cha tsankho la mnzako wapamtima, koma sakula kupitirira chitsanzocho. King ndi woipa kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Chris ndi wabwino mopitirira mnyamata wa msinkhu wake. Chodabwitsa, amene mlembi anamupatsa kuya ndi Iesha, mkazi wa King, mayi amene buku lonse latiphunzitsa kumunyoza. Tsiku limene DeVante wamenyedwa m'nyumba mwake, Iesha akuwathamangitsa Starr ndi anzake mwachipongwe, ndipo pambuyo pake m'pamene amazindikira kuti chipongwecho chinali njira yowapulumutsira, iye n'kutsala kuti ukali wa King umugwere. Ndime imodzi imeneyi ikusonyeza zimene Thomas angachite akamukhulupirira wowerenga.

Pamapeto sananame. Ku America, gulu la anthu wamba limaunika umboni kuti ligamule ngati munthu aimbidwe mlandu. Starr akuperekera umboni pamaso pa gululo, akunena zonse, ndipo patatha milungu 13 chichitikire imfayo, chigamulo chikutuluka choti wapolisi alibe mlandu woyankha. Ndi mmene zinathera ku Ferguson mu 2014 pa imfa ya Michael Brown, ndipo buku lonena zoona silikanatha mwina. Usiku wa zipolowe, Starr akukwera pa galimoto ya apolisi ndi chimkuzamawu, akuponya kwa eni ake chitini cha utsi wokhetsa misozi, golosale ya bambo ake ikupsa. Zochitikazo zathithikana kwambiri, ngati kuti mlembi ankaona kale kanema m'maso mwake, ndipo kumangidwa kwa King, anthu a m'dera atalimba mtima n'kumuloza, kwabwera mofulumira kuti wowerenga apezeko kachipambano. Filimu ya mu 2018, imene anatsogolera George Tillman Jr., Amandla Stenberg akusewera ngati Starr, inapitiriza kukometsako: inamuchotsa DeVante n'kumugwiritsa mfuti Sekani, mlongo wake wamng'ono wa Starr. Bukuli n'lodekha kuposa filimuyo.

Chitulukire, lakhala likupezeka pa mndandanda wa American Library Association wa mabuku amene anthu amafuna achotsedwe m'masukulu, ena akudandaula za mawu otukwana, ena akuti likunyoza apolisi. Ku Katy, m'chigawo cha Texas, analichotsa kwa kanthawi m'malaibulale a sukulu mu 2017. Zotukwanazo zilimodi, ndipo kholo kapena mphunzitsi wa kuno ayenera kudziwiratu zimenezo asanalipereke kwa mwana wa fomu 1. Kwa wa fomu 3 kupita m'tsogolo, ndi buku loyenera, ndipo Chingerezi chake n'chosavuta ukazolowera kayankhulidwe ka ku Garden Heights. Mukawapatsa, musawafunse kuti aphunzirapo chiyani. Afunseni ngati akanamulirabe Khalil DeVante akanapanda kuulula za ngongole ija, kenako muwasiye atsutsane.