Liwu Lozizira la Primo Levi

Buku loyamba la Primo Levi, *Se questo è un uomo*, linakanidwa ndi kampani yotchuka ya Einaudi ya ku Turin. Kakampani kakang'ono ka De Silva ndiko kanalisindikiza mu 1947, makope 2,500 okha, ndipo ngakhale amenewo sanathe pamsika. A Einaudi anadzalisindikiza mu 1958. Mutu wa bukuli ukukayikira ngati munthu wometedwa, wolandidwa zovala ndi dzina, n'kudindidwa nambala pamkono, akadali munthu. Ku America anausintha kukhala *Survival in Auschwitz*, ngati kuti ndi nthano ya ngwazi yopulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Pamenepo analilakwira bukuli.

Levi anali Myuda wa ku Italy, wophunzira sayansi ya kemisitire. Analowa gulu la zigawenga zolimbana ndi ulamuliro wa Mussolini ndi Ajeremani, koma anagwidwa mu Disembala 1943. Mu Febuluwale 1944 anamukweza sitima ku Fossoli pamodzi ndi Ayuda 650 kupita ku Auschwitz. Anasanduka nambala 174517 pamsasa wa Monowitz, pomwe akaidi ankamanga fakitale ya mphira ya kampani ya IG Farben.

Wowerenga amayembekeza kulira ndi matemberero, koma Levi akulemba ngati munthu amene akuyeza mankhwala. Akufotokoza mtengo wa supu pamsika wachinsinsi wa akaidi, chifukwa chomwe nsapato zosakwana bwino zinkaphera munthu, ndi nzeru yosathamangira kutsogolo pamzere wa chakudya popeza zolimba zimatsalira pansi pa mphika. Ena amati kalembedwe kameneka n'kouma mtima. Ine ndikuona kuti n'komwe kakulimbitsa umboni wake. Mboni yokuwa pabwalo la milandu anthu amaimvera chisoni koma amaikayikira. Yolankhula modekha imasowetsa wolakwa pothawira.

Tsono mkwiyo ulimo, ndipo umatulukira posayembekezeka. Atatha kusankha oti aphedwe mu Okutobala 1944, mkulu wina wotchedwa Kuhn akupemphera mokweza kuthokoza Mulungu kuti wapulumuka, pomwe Beppo, mnyamata wa ku Greece wa zaka 20 amene wasankhidwa, wagona chapafupi akumva. Levi sakudzudzula Mjeremani apa, akudzudzula mkaidi mnzake. Ndime imeneyi ndi yaifupi, koma ndi yomwe imatsalira m'mutu buku likatsekedwa.

Nkhani ya kukana nkhanza ndiyo yovutitsa kwambiri m'bukuli. Munthu wina akupachikidwa pamaso pa akaidi onse pomuganizira kuti anakhudzidwa ndi kuukira komwe kunaononga nyumba yootchera mitembo ku Birkenau. Akufuula mawu omaliza kwa anzake, koma palibe amene akumuyankha. Levi akubwerera kunyumba yogona ndi mnzake Alberto, akugawana supu, ali ndi manyazi. Mlembi wofuna kusangalatsa awerenga akanaika ngwazi pakati pa nkhani. Levi akuika khamu lomwe linangoti zii, iye mwini ali momwemo. Kukana komwe akukulemekeza n'kwa Lorenzo, mmisiri womanga nyumba wa ku Italy, amene kwa miyezi 6 ankamubweretsera chakudya mobisa osafuna malipiro.

Bukuli lili ndi malire ake. Amayi ndi ana akuzimiririka sitima itangofika, ndipo zipinda za mpweya wakupha zili kutali, ku Birkenau. Levi mwini ankadziwa kuti mwayi unamuthandiza: anakhoza mayeso a kemisitire n'kupeza ntchito ya m'nyumba nyengo yozizira, ndipo anadwala panthawi yomwe athanzi ankatengedwa paulendo womwe unapha ambiri. Asilikali a Soviet Union anamupeza pa 27 Januwale 1945. M'buku lake lomaliza, *I sommersi e i salvati* la mu 1986, anatsindika kuti opulumuka si mboni zenizeni, popeza amene anafika pansi penipeni pa dzenjelo sanabwerere kudzasimba. Anamwalira ku Turin mu 1987.