Kanema wa Kamkwamba tikamuonera pa chishalo cha njinga

Anthu akamakamba za kanema wa The Boy Who Harnessed the Wind amathamangira kutchula mphepo poti ndiyo ili m'dzina lake. Komatu mphepo ku Kasungu yakhala ikuomba kuyambira kalekale osayatsa ngakhale babu limodzi. Chidasintha zinthu m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe ndi njinga ya kapalasa yomwe mnyamata wina adaiphwasula n'kuikweza pamwamba pa mitengo ya bulugama. Ine ndimatchova njinga tsiku ndi tsiku m'zitunda za kuno ku Zingwangwa, tsono ndati tiunike kanemayu ndi diso la munthu wa pachishalo, chifukwa zomwe adakhoza ndi zomwe adapotoza zonse zagona panjingapo.

Kwa inu amene nkhaniyi idakudutsani, William Kamkwamba adabadwa m'chaka cha 1987. Mu 2002, njala itafika posauzana, adasiya sukulu ya sekondale ya Kachokolo kaamba kosowa fizi, ndipo adayamba kubwereka mabuku ku kalaibulale ka pa pulayimale ya Wimbe. M'buku lina lotchedwa Using Energy adaonamo chithunzi cha makina opanga magetsi ndi mphepo. Ali ndi zaka 14 adapanga ake ndi fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki owawamba pamoto n'kuwaphwatalalitsa, fulemu ya njinga ya bambo ake, ndi dayinamo. Nyuzipepala ya Daily Times idalemba za iye mu 2006, mu 2007 adakalankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, ndipo mu 2009 lidatuluka buku lomwe adalemba mothandizana ndi mtolankhani wa ku America, Bryan Mealer. Kanemayu adatuluka mu 2019. Adamukonza ndi Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, yemwenso akusewera ngati a Trywell, bambo a William.

Tiyambe ndi pomwe a Ejiofor adalasa. Iwo adamvetsa kuti njinga pakhomo la mlimi ndi chiyani. Ndiyo imapita ku chigayo, ndiyo imasenza wodwala kupita naye kuchipatala usiku, ndiyo imathamangira ku ADMARC mphekesera ikamveka kuti kwabwera chimanga. Tsono mwana akaima pamaso pa bambo ake m'chaka cha njala n'kunena kuti akufuna aidule njingayo, kukwiya kwa bamboyo sikufuna kumasulira. Aliyense amene adakulira pakhomo pomwe chuma chonse chidali njinga ndi wailesi amva kuwawa kwake. M'bukumo njingayo idali yofa kale, yongotsamira khoma kudikira tsiku lodzaikonza, pamene m'kanemamu ndi yoyenda, chuma chomaliza cha banja. Kusinthaku ine ndikukuvomera. Kwawonjezera mchere koma ndiwo zake n'zomwezo: bambo akupereka chinthu chomwe akuchidziwa posinthana ndi maloto a mwana omwe sakuwamvetsa.

Pomwe ndayamba kukanda mutu ndi pa sayansi. Kanemayu adalandira mphotho ya Alfred P. Sloan ku Sundance mu 2019, mphotho yomwe amapereka kwa kanema wokamba za sayansi, koma mutamuonera mpaka kumapeto simungafotokoze chifukwa chomwe William adafunira njinga yonse osati dayinamo yokha. Chikhalirecho nzeru yake yeniyeni ili pomwepo. Dayinamo ndi maginito ozungulira pakati pa waya wokulungakulunga, njira yomwe Michael Faraday adatulukira mu 1831, ndipo kuti itulutse magetsi okwanira imafuna kuzungulira mothamanga kwambiri. Mapiko a makina a mphepo sathamanga chotero. William adalumikiza mapikowo pomwe pamakhala mapedulo, tcheni n'kumakoka tayala lakumbuyo, tayalalo n'kumazunguza kamutu ka dayinamo. Pa njinga yanga giya lakutsogolo lili ndi mano 44, lakumbuyo 18, kutanthauza kuti mapedulo akazungulira kamodzi tayala limazungulira pafupifupi kawiri ndi theka. Tayalalo ndi lalikulu masentimita ngati 70, kamutu ka dayinamo masentimita 2 okha. Mukawonkhetsa, mapiko akazungulira kamodzi dayinamo yazungulira maulendo oposa 80. Mnyamata wa fomu 1 adaona kuti chomwe makina ake akusowa chili kale pa njinga ya bambo ake. Kanemayu akanapatula mphindi ziwiri zokha kuonetsa zimenezi, ana athu akanatolapo kanthu kopita nako kwa wokonza njinga.

Chachikulu ndi madzi. Pamapeto a kanemayu dayinamo ikutchaja batire, batire ikuyendetsa pampu, madzi akukhuthukira m'mizere, mbewu zikumera, mudzi wapulumuka. Ife otchova timadziwa kuti mphamvu siibwera yaulere. Loweruka tikatsetsereka msewu wa ku Chikwawa mpaka ku Thabwa ndi anzanga, pobwerera mdima ukatipeza m'mapirimo, ukangogwetsera dayinamo patayala mwendo umamva pomwepo kuti wawonjezeredwa katundu, chonsecho kakuyakako ndi kababu kamodzi. Dayinamo wamba imatulutsa mawati 3, yokulirapo ya mavoliti 12 imafika mawati ngati 6. Kukweza lita imodzi ya madzi kuchoka m'chitsime cha mamita 10 kumafuna mawati 3 kwa masekondi oposa 30. Ndiye kuti dayinamo ya mawati 6, mphepo itamaomba usana ndi usiku osapuma, popandanso mphamvu yotayika mu batire ndi mu pampu, ingakweze malita ngati 5,000 patsiku. Ekala imodzi ya chimanga m'chilimwe imamwa malita pafupifupi 20,000 patsiku. Poti mphepo imaleka ndipo makina amataya mphamvu yambiri m'njira, chotheka ndi kadimba ka mpiru kuseli kwa nyumba. Kudyetsa mudzi, ayi ndithu.

Zomwe zidachitikadi, monga bukuli likufotokozera, n'zakuti makina oyambawo adayatsa mababu m'nyumba, adaimbitsa wailesi, ndipo anthu ankabwera kudzatchajitsa mafoni. William adapanganso switchi ndi patapata, ndi kachida kozimitsa magetsi akachuluka pogwiritsa ntchito misomali ndi maginito. Madzi adabwera patapita zaka, nkhani yake itamveka kunja ndipo anthu atathandiza ndi pampu yoyendera dzuwa. Njala ya 2002 idachepa chimanga chitacha m'minda, makinawo asadaime n'komwe.

Wina anena kuti, aaa, ameneyu ndi kanema basi, tisachite kumuyeza ndi sikelo. Ndikanavomera chikhala kuti kusinthaku sikukhudza ndale. Njala ija siidagwe kuchokera kumwamba yokha. Inde madzi adasefukira mu 2001 ndipo zokolola zidachepa, komanso pulogalamu ya sitata paki yomwe idakweza zokolola mu 1999 ndi 2000 idali itachepetsedwa. Pamwamba pa izo, chimanga cha m'nkhokwe za boma, matani oposa 160,000, chidagulitsidwa pafupifupi chonse njala ili pakhomo. Bungwe la IMF lidali litalangiza kuti nkhokwezo zichepetsedwe, ogulitsa adapitirira muyeso, ndipo nkhaniyi idafika mpaka ku bungwe lothana ndi katangale la ACB. Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pangozi ya njala mu February 2002, anthu atayamba kale kufa. Kanemayu adalimba mtima poonetsa Mfumu Wimbe ikumenyedwa chifukwa chopempha chakudya pa msonkhano wa mtsogoleri wa dziko, ndiponso chipwirikiti cholimbirana chimanga pa depoti. Pamenepo chipewa ndavula. Koma akangotha pamenepo funso lakuti chimanga chidapita kuti amalisiya panjira, ndipo woonera wa ku London kapena ku New York amadzuka pampando ali wokhutira kuti njala ya ku Malawi idatha ndi mnyamata mmodzi wanzeru. Uthenga umenewu ndi wokoma kwambiri kwa onse amene adagulitsa chimanga chija. Ngati mankhwala a njala ali mu dayinamo, nanga wofunsidwa mlandu akhala ndani?

Chinanso chondiwawa ndi nkhani ya chinsinsi. M'kanemamu William atathamangitsidwa kusukulu akugwiritsa ntchito chinsinsi cha mlongo wake, yemwe ali paubwenzi wamseri ndi mphunzitsi, kuopseza mphunzitsiyo kuti amulowetse m'laibulale. Dayinamo nayo ikuchokera pa njinga ya mphunzitsi yemweyo. M'buku mulibe zoopsezana zotere. Laibulale ija idali yotsegukira aliyense, ndipo dayinamo adamugulira ndi mnzake Gilbert, mwana wa mfumu, ndi ndalama za m'thumba mwake. Okonza kanema adachotsa mphatso ya bwenzi n'kuikapo malonda a chinsinsi, kwinaku akusunga maina enieni a anthu. Dziko lino lili ndi mabala pankhani imeneyi. Makolo athu adakhala zaka 30 za ulamuliro wa chipani chimodzi akunong'ona m'nyumba zawo zomwe poopa akazitape, ndipo n'chifukwa chake malamulo aakulu a dziko a 1994 adaika ufulu wa chinsinsi cha munthu m'gawo 21. Kuonetsa ngwazi yathu ikupeza maphunziro pogwira munthu pakhosi ndi chinsinsi cha mlongo wake, popanda kanemayo kudabwa nazo, ndi phunziro loipa. Kwabisanso choonadi chomwe bukuli lidasunga bwino, chakuti mutu umodzi susenza denga. Pambali pa William padali Gilbert, padali Geoffrey mbale wake, padali mayi woyang'anira laibulale amene ankamufunira mabuku.

Za chiyankhulo ambiri adadandaula kale ndipo sadalakwe. Maxwell Simba yemwe akusewera ngati William ndi wa ku Kenya, Aïssa Maïga yemwe ali mayi ake ndi wa ku France, ndipo Chichewa chawo ndi choloweza. Mawu ake ndi athu koma kakwezedwe ndi katsitsidwe ka liwu n'kachilendo, moti pena Mchewa weniweni amachita kuwerenga Chingerezi cholembedwa m'munsi kuti amve chomwe chanenedwa m'chinenero chake. Lily Banda akangotsegula pakamwa khutu limapuma. Komabe tisaiwale kuti a Ejiofor akanatha kujambulira kanemayu ku South Africa m'Chingerezi chokhachokha. Adasankha kubwera ku Kasungu, adaphunzira chiyankhulo chathu, adaika Gule Wamkulu pamaliro mwaulemu. Dziko la Britain lidatumiza kanemayu ku mpikisano wa Oscar m'gulu la akanema a ziyankhulo zina, patangotha chaka dziko lathu litatumizako kwa nthawi yoyamba The Road to Sunrise wa a Shemu Joyah. Chichewa kuimira Britain! Pamenepa m'malo motukwana alendo, tidzifunse chifukwa chomwe nkhani ya pa Wimbe idadikira zaka zonsezo osapeza wa kuno woijambula kapena kuilemba ngati sewero.

Ndemanga yanga ndi yakuti kanemayu muonereni, ndi wogwira mtima ndipo zithunzi zake za chilala n'zosaiwalika, koma mukatero kafuneni bukulo, chifukwa ndi momwe muli William wolephera, woyesanso, wotchedwa wamisala, yemwe makina ake ankadula tcheni ndi kumuvulaza manja. Aphunzitsi a sayansi a kuno ku Blantyre, musamangoonetsa ana kanemayu n'kuwauza kuti alimbikire. Madayinamo akusowa masiku ano poti tochi za LED zidalanda malo, koma okonza njinga achikulire m'misika ya Zingwangwa, Ndirande ndi Bangwe ena akadali nawo m'mabokosi a zitsulo. Gulani imodzi, gadabuzani njinga kutsogolo kwa kalasi, ana awerenge okha mano a magiya, azunguze pedulo ndi dzanja, aone babu likuyaka, kenaka awerengetse kuti magetsiwo angakweze ndowa zingati za madzi. Akapeza yankho, afunseni kuti nanga mudzi wonse ungadye bwanji, ndipo muwalole akambe za nkhokwe za chimanga ndi omwe amasunga makiyi ake.