Chikomekome cha Nkhuyu: Mapepala Akale a Kanema

Ku maiko a Azungu kuli anthu amene amasonkhanitsa mapepala akale oitanira anthu ku kanema, aja ankamatidwa pakhomo pa nyumba ya bayisikopo. Si maseŵera ai. M'chaka cha 2005 pepala limodzi la kanema wa ku Germany wotchedwa Metropolis, wa 1927, lidagulidwa madola 690,000 a ku America, ndipo mu 2017 la Dracula wa 1931 lidagulidwa madola 525,800. Munthu wa pa Chintheche, amene akadangokulungiramo usipa, angathe kuseka. Komabe ife tikuti nkhaniyi njathu, pakuti ena mwa mapepala otere amakamba za ife, ndipo makolo athu adaimirirapo kuŵayang'ana.

Tikumbuke kuti dera lino ndi la anthu apaulendo. Chiyambire pamene mishoni idakhazikika pa Bandawe mu 1881, anyamata achitonga odziŵa kuŵerenga ankapita ku Joni, ku Salisbury ndi ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia. Jaap van Velsen, amene adakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950, adapeza kuti amuna oposa theka ankakhala ali kunja. Kumeneko ndiko adadziŵira bayisikopo ya m'komponi ndi makauboyi ake okwera pa akavalo. Kumudzi kuno kanema ankangofika pa galimoto mwa kamodzikamodzi, ndipo wambiri adali wa Central African Film Unit, bungwe la boma la atsamunda limene kuyambira 1948 mpaka 1963 linkapanga zithunzi zophunzitsa Aafirika kulima ndi kusunga ndalama. M'matauni namo nyumba zina za kanema sizinkalola munthu wakuda kuloŵa. Gawo lake iye lidali pepala la pakhomo lija basi.

Osonkhanitsa aja ali ndi luso loyenera kuliyamika. Amadziŵa kuti pepala la ku America linkakhala loimirira, mainchesi 27 m'lifupi ndi 41 m'litali, pamene la ku Britain linkakhala logona, mainchesi 30 kwa 40. Amadziŵa kuti mapepala akale ankatumizidwa ali opinda, kotero mizera ya mopinda ndi umboni wa ukale wake, si chilema. Amayang'ananso m'munsi, pamene kampani ya National Screen Service inkaika nambala: manambala aŵiri oyamba ndi chaka, ndipo chilembo R chikatsogola ndiye kuti kanemayo ankaonetsedwa kachiŵiri. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo anthu ameneŵa ngodekhadi. Chimene tikuŵadandaula nchakuti mafunso ao amathera pa zinthu ziŵiri: kodi pepalali ndi lenileni, nanga mtengo wake ndi wotani? Funso lachitatu, lakuti pepalali likunena zoona kapena ai, ambiri salifunsa.

Tiyeni tilifunse ife. Tengani pepala la King Solomon's Mines, kanema wa 1950 amene adajambulidwa mu Afirika muno. Maina olembedwa ndi zilembo zazikulu ndi a Deborah Kerr ndi Stewart Granger. Dziko lathu ndi thengo la nyama zoopsa, ndipo eni dziko ali kumbuyo ngati mitengo. Migodi ya m'nkhaniyo ndi ya m'nthano, ya chuma chongodikira Mzungu wolimba mtima kuti adzachitole. Tsono taganizani mnyamata wa ku Kande, fumbi la mgodi weniweni lili m'chifuwa, ataima kuŵerenga pepala limeneli. Wojambula adali waluso, mitundu yake njokopa maso, koma phunziro lake lidali lakuti mu Afirika nkhani yoyenera kukambidwa ndi ya mlendo.

Kanema wa 1949 wa ku South Africa, Jim Comes to Jo'burg, adasintha zina. Oseŵera ake aakulu adali anthu akuda, ndipo dzina la woimba Dolly Rathebe lidatchuka nazo. Nkhani yake ikufanana ndi ya ana athu: mnyamata achoka kumudzi, afika mumzinda, achifwamba amlanda zake, avutika kupeza ntchito. Koma mathero ake ngotsekemera mopitirira: Jim asanduka woimba ndipo zonse zimuyendera. Chaka chimodzi chokha chidali chitapita boma la tsankho litaloŵa mu 1948. Za mkazi wotsala kunyanja akulima yekha chinangwa, za matchona amene sadabwerenso, simungazipezemo. Akulu adati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Pepala loitanira anthu ndi khungu la nkhuyu, pakuti ntchito yake nkugulitsa tikiti.

Kodi tsono tiŵatenthe mapepala otere? Iyai. Mboni yonama nayo imathandiza pa mlandu, chifukwa imaulula zimene anthu ankafuna kuti tikhulupirire. Tiŵasunge, ndipo koposa tisunge athu. Ku Ghana, m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, amisiri ankajambula ndi penti pa matumba a ufa wa tirigu kuitanira anthu ku mavidiyo oyenda m'midzi. Lero matumba ambiri ameneŵa ali m'manja mwa ogula a kunja. Ife kuno tidali ndi bolodi la choko pakhomo pa vidiyo shoo ya pamsika, lolembedwa m'maŵa, lofufutidwa usiku. Tilinso ndi mapepala a akanema a Shemu Joyah, Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat wa 2012, momwe msodzi wa pa nyanja yathu ino ndiye mwini nkhani. Ndani akuŵasunga? Chinyezi cha kuno, chiswe ndi mphemvu sizidikira munthu. Amene angapeze pepala lotere m'sutikesi ya agogo aliike pouma, asalimate ndi guluu, ndipo alembe kumbuyo ndi pensulo dzina la malo, chaka ndi mau a mwini wake akali moyo. Pa parishi kapena pa sukulu sipangasoŵe kabati imodzi yosungiramo zotere.

Mpingo udaona kale mphamvu ya kanema. Papa Pius XI adalembapo kalata Vigilanti Cura mu 1936, ndipo Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Inter Mirifica cha 1963, udakumbutsa kuti woonera naye ali ndi udindo wosankha ndi kuweruza zimene akuona. Lero pepala la pakhomo lidasamukira m'foni ya mwana aliyense, ndipo likumlonjezabe Joni wopanda misozi. Mwana amene waphunzira kufunsa pepala lakale kuti walijambula ndani, akufuna chiyani, nanga wasiyidwa kunja ndani, adzadziŵanso kufunsa chithunzi cha m'foni asanagulitse ukonde wa bambo wake kuti apeze ya basi.