Broadside Press ndi Cinenero ca Alakatuli Akuda a ku Amereka, 1965-1977

Akatswiri a zolembalemba akamafotokoza za alakatuli akuda a ku Amereka a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, kawirikawiri amachula maina a alembi ndi mitu ya mabuku ao, koma sakhalitsa pa funso lakuti anali kusindikiza mabukuwo ndani. M'nkhani ino tifuna kusonyeza kuti funso limeneli likhudza cinenero ceni-ceni, pakuti mwini makina ndi mkonzi wace ndiwo amagamula kalembedwe kamene kadzafika kwa wowerenga. Citsanzo cathu ndi Broadside Press, kampani yaing'ono imene Dudley Randall anaiyambitsa mu mzinda wa Detroit m'caka ca 1965.

Randall anali wogwira nchito m'laibulale, ndipo analinso mlakatuli. Pa 15 September 1963 azungu atsankho anaphulitsa bomba m'chalichi ca anthu akuda ku Birmingham, m'cigawo ca Alabama, napha atsikana anai. Randall analemba ndakatulo yochedwa "Ballad of Birmingham", ndipo woimba wina, Jerry Moore, anaisandutsa nyimbo. Pofuna kuti lamulo limzindikire monga mwini wace wa mauwo, Randall anaisindikiza pa pepala limodzi lokha. Pepala lotere m'Cingerezi limachedwa broadside, ndiko kunacokera dzina la kampaniyo. Mabuku anadza pambuyo: mu 1967 anatulutsa For Malcolm, m'mene iye ndi Margaret Burroughs anasonkhanitsa ndakatulo zolira Malcolm X, ndipo mu 1968 anatulutsa Poems from Prison la Etheridge Knight, mlembiyo akali m'ndende ku Indiana. Ngakhale Keorapetse Kgositsile wa ku South Africa, ali m'dziko la eni, buku lace Spirits Unchained linaturukira komweko mu 1969.

Tsopano tiunike mutu wa buku limodzi, We a BaddDDD People, limene Sonia Sanchez anatulutsa ku Broadside mu 1970. M'mau anai okha muli zinthu zitatu zimene mkonzi wozolowera Cingerezi ca kusukulu akadaziyesa zolakwa. Coyamba, mulibe mneni wolumikiza, uja wogwira nchito yonga ya "ndi" kapena "-li" m'Cinyanja. William Labov, m'kafukufuku wace wa mu 1969, anasonyeza kuti akuda a ku Amereka sasiya mneni ameneyu mwacisawawa: amamsiya pa malo okhawo pamene olankhula Cingerezi ena amatha kumfupikitsa. Tero Sanchez anatsata lamulo la kalankhulidwe ka kwao, ndipo lamulolo n'lokhwima monga lamulo lina lililonse la galamala. Caciwiri, liu limene kusukulu litanthauza "coipa" pano litanthauza camphamvu ndi conyaditsa. Cacitatu, zilembo zobwerezedwa, zoyamba zazing'ono ndi kutsiriza zazikulu, zikuuza wowerenga kuti akoke liulo ndi kukweza mau, monga timacitira ife tikalemba "kutaaali". Apa pepala likuyesa kunyamula m'mene liu limamvekera m'kamwa, ndipo sitidabwa kuti Randall anajambulanso alakatuli ace pa matepi ochedwa Broadside Voices.

Comwe citicititsa cidwi ncakuti Randall mwini sanali kulemba motero. Ndakatulo zace zambiri zimatsata miyeso yakale ya Cingerezi, mizere yowerengeka bwino ndi mau omveka mofanana kumapeto. Koma sanaumirize Sanchez kapena Don L. Lee kuti alembe monga iye. Ife tiona kuti kudziletsa kumeneku ndiko kunali mphatso yace yaikulu monga mkonzi, ndipo aphunzitsi a zinenero amene amakonza zolemba za ena, makamaka pamene mlembi waika Cinyanja ca m'tauni m'kamwa mwa munthu wa m'nthano yace, angapeze m'menemu cofunika kucilingalira.

Umboni wina ndi wa Gwendolyn Brooks. Iye anali atalandira kale mphotho ya Pulitzer mu 1950, woyamba mwa alembi akuda kuilandira, ndipo mabuku ace anali kutuluka ku kampani yaikulu ya Harper ku New York. Pambuyo pa In the Mecca la mu 1968, ndakatulo zace zatsopano anazipereka kwa Randall, kuyambira ndi Riot mu 1969. Ena amati luso lace linatsika pamenepo. Ife sitivomereza kwathunthu. Mizere inafupikadi ndipo mau anapepuka, koma ndi cifukwa cakuti Brooks anasintha womvera: anafuna kumvedwa ndi anthu a m'makwalala a Chicago amene anali kuwalemba m'ndakatulo zace kuyambira kale.

Sitinganene kuti zonse zimene Broadside inasindikiza zinali zabwino. M'timabuku tina mkwiyo unalowa m'malo mwa luso, ndipo mizere yodula-dula ndi zilembo zokokedwa zinasanduka cizolowezi cabe. Kalembedwe kotsanzira mau a pakamwa kamakalambanso msanga, cifukwa kalankhulidwe ka m'misewu kamasintha. Wophunzira wa lero amafuna wom'masulira. Komabe m'kampani yomweyo munaturuka From a Land Where Other People Live la Audre Lorde mu 1973, limene linafika pa mndandanda wa mabuku opikisana pa mphotho ya National Book Award.

Cimene cinagwetsa nchitoyi ndi ndalama. Mabuku anali a mtengo wotsika mwadala, kuti munthu wamba athe kugula, ndipo alembi anali kucuruka msanga kuposa phindu. Ngongole zitakula, Randall anapereka kampaniyo kwa a Alexander Crummell Memorial Center mu 1977. Anaitenganso patapita zaka zowerengeka, naigulitsa mu 1985 kwa Hilda ndi Donald Vest. Iye anamwalira mu 2000, ndipo mu 2015 Broadside inaphatikana ndi Lotus Press, kampani imene mlakatuli Naomi Long Madgett anaiyendetsa zaka zambiri mu mzinda womwewo wa Detroit.